Ku Lusaka ndi Apongozi

Ndinakhala pa chikamwini zaka zambiri ndisanaione bwinobwino nkhope ya apongozi anga aakazi. Ndinkaudziwa msana wawo, mpango wawo wobiriwira, ndi kachifuwa kamene ankatsokomola dala akamayandikira nyumba yathu kuti ndipeze kolowera. Tikakumana pa njira ya kudimba, ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kupatukira mbali inayo, njira n'kutsala yopanda woyendamo. Moni tinkapatsana chapatali, ine nditanjuta, iwo atagwada, aliyense atayang'ana kwake. Nkhani ikatalika kuposa moni inkadutsa mwa mkazi wanga. Umu ndi mmene tinaleredwera ndipo sindinkaonapo cholakwika. Mayi amene anakuberekera mkazi suwayang'ana m'maso, sudya iwo akuona, ndipo suwakhudza.

Chimene ndinkachiona cholakwika chinali feteleza. Zinali zaka za makuponi, ndipo m'mudzi mwa mkazi wanga, kwa Mwase, kuponi inkatuluka m'dzina la apongozi, amene anali amasiye. Ine monga mkamwini ndinkawerengedwa pamodzi ndi mbuzi ndi nkhuku za pakhomopo. Thumba likabwera tinkagawana ndi ndowa, theka kwa iwo, theka kwa ife, ndipo theka langalo ndinkaligawanso pakati pa chimanga ndi fodya. Fodya wodya theka la theka sabisika. Masamba ankatuluka opyapyala, ndipo ku okushoni ogula ankadutsa pa belo langa osachepetsa n'komwe liwiro. Kwathu, cha ku Nkhamenya, amalume anga anali atandisungira munda wa katondo, ndipo ankati ndikabwera ndi banja langa ndidzalembedwa ngati khomo palokha, kuponi yangayanga. Anzanga a kumeneko, amene ambiri anatengera akazi kwawo, akandiona pa maliro ankandifunsa ngati apongozi andipatsa tchuthi. Ndinkaseka nawo, koma zinkandiwawa.

Ndinkafuna chitengwa, kumutenga mkazi wanga ndi ana n'kukakhala nawo kwathu. Ankhoswe anapita kukanena, n'kubwerako ndi yankho loti nkhani yotere amagamula ndi mwini mbumba, mlongo wawo wa apongozi, ndipo mwini mbumbayo ali ku Lusaka. Anapita ku Zambia ali mnyamata, mkazi wanga asanabadwe, ndipo ankangomveka ndi moni wobwera ndi anthu a malonda. Nkhani yanga inakhala choncho, ikudikira munthu amene ndinali ndisanamuonepo.

Chaka china, titagulitsa fodya n'kufesa nazale kudimba, kunamveka kuti amalume a ku Lusaka aja sakupeza bwino. Apongozi anati akufuna akawaone. Mkazi wanga anali woyembekezera, mwezi wake uli pafupi. Pakhomo ponse munthu wa pasipoti ndinali ine ndekha. Ndinaitenga chaka chimene ndinkalota za ku Joni, n'kungoisunga m'sutikesi pamodzi ndi tayi wa pa ukwati. Apongozi anakawapangira chikalata cha ulendo umodzi ku boma, ndipo abale onse anagwirizana, popanda woseka, kuti woperekeza ndikhale ine.

"Mwayi wake ndi umenewu," anatero mkazi wanga akumanga kamba wa paulendo. "Mukawapeze amalume, mukapemphe nokha. Musakabwereko chimanjamanja."

"Nanga panjira ndizikalankhula nawo bwanji amayi?"

"Muli ndi pakamwa."

"Pakamwa panga ndinu, ndipo mukutsala."

"Mukaona konko," anatero, n'kupitiriza kumanga mtedza.

Fodya chaka chimenecho anagulidwa moipa. Titapatula za basi yopita ndi yobwerera, zotsala zinali zongokwana mabanzi ndi chimbudzi cholipira. Mwini sitolo wa pa tiledingi senta, Msilamu amene ankakaoda zitenje ku Lusaka, anandipatsa malangizo aulere. Anati tisakwere takisi, tizigona pa depoti, madzi tizikatunga ku mzikiti wa ku Kamwala, ndipo munthu akandiitana kuti bwana ndigwire thumba la buluku. Tinanyamula mbatata yophika, mtedza wokazinga, zitumbuwa ndi chigubu cha thobwa.

Tinadzera ku Santhe mpaka ku Mchinji. M'minibasi kondakitala anatiika mpando umodzi, phewa ndi phewa. Ndinatsika n'kupempha bambo wina kuti tisinthane, ndipo mtunda wonsewo ndinayenda nditakhala pa thumba la makala. M'basi yaikulu yochokera ku Chipata ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pamene ndinkatha kuona kuti mpango wobiriwira uja uli pamalo pake. Anthu amati mlatho wa Luangwa ndi wokongola. Ine ndinkayang'ana mpango.

Titafika pa depoti yaikulu ya mu Lusaka, nambala ya foni ya amalume, imene tinapatsidwa ndi anthu a malonda aja, inakana kulowa. Ndinayesa pa foni ya munthu wa malonda mpaka iye anayamba kundimvera chisoni. Tsopano panafunika kuwauza apongozi. Anali atakhala pa chikwama, ine nditaima pafupi nawo kuyang'ana basi ya ku Kitwe. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Pambali pathu panali mayi wina wogulitsa mazira owiritsa.

"Mayi, pepani," ndinatero. "Auzeni amayiwa kuti foni sikulowa, tigona pompano."

Mayi wa mazira anandiyang'ana, n'kuwayang'ananso apongozi, amene anali pafupi ndi phazi langa.

"Sibamvela?" anafunsa m'Chinyanja chawo cha kumeneko.

"Amamva."

"Manje si mubauze mweka?"

"Ndi apongozi anga."

Anatembenukira kwa apongozi. "Amayi, ati foni siingena, muzagona pamene pano."

"Auzeni bambowa kuti ndamva," anayankha apongozi akuyang'ana mazira. "Muwauzenso kuti adye. Kamba ali kwa ine, ndipo chichokereni ku Chipata sanapemphe."

Umu ndi mmene tinauyendera mzinda wonse. Mwayi wake anthu a ku Lusaka timamvana nawo, ndiye aliyense amene waima chilili ankatha kugwira ntchito ya mkazi wanga kwa kanthawi. Tinatuma ogulitsa nyuzi, opolisha nsapato, mlonda wa pa banki, ndi wapolisi wa pamsewu mmodzi. Ena ankaseka. Ena ankati agogo awo ku Katete ankateronso. Wina anafuna kuti timulipire.

Za amalume tinkadziwa dzina la komboni yawo, Chawama. M'mawa mwake tinakwera kaminibasi kabuluu, tinafunsa khomo ndi khomo, mpaka tinapeza mayi amene ankawachititsa lendi. Anati amalumewo anasamuka kalekale ndipo kumene anapita sakudziwa, koma Lamulungu saphonya tchalitchi cha pafupi ndi msika. Tchalitchicho tinachipeza chokhoma. Linali Lachinayi.

Maganizo anga anali oti tikhale phee pa depoti mpaka Lamulungu, chifukwa munthu wokhala pansi sawononga. Apongozi anali ndi maganizo ena. Lachisanu m'mawa, mayi wokhala pa khomo la chimbudzi cholipira anandikodola.

"Ati sibanabwele kuno kuona matayala ya mabasi," anatero. "Ati tauni silipilitsa kuiyang'ana."

Tinasungitsa chikwama kwa mayi wa mazira uja n'kuuyamba. Ine patsogolo, iwo pambuyo, monga mwa ulemu. Koma kumudzi munthu wa pambuyo sasochera, ndipo kuno anthu anali ochuluka ngati tsiku logawa makuponi, tsiku lonse, mbali zonse. Kucheuka sindikanatha, chifukwa ukacheuka umakumana ndi nkhope. Ndiye ndinaphunzira kugwiritsa ntchito magalasi a masitolo a mu msewu wa Cairo. Ndinkaima ngati ndikusirira katundu, koma ndikuyang'ana ngati mpango ukubwera. Ndinasirira mafiriji, masuti, matayala a mathirakitala, ndipo pena ndinaima nthawi yaitali pa galasi la sitolo ya zovala zamkati za amayi ndisakudziwa. Nkhope ya apongozi anga ndinaiona koyamba bwinobwino pa galasi la sitolo ya mawailesi. Anali ndi mphuno ya mwana wanga woyamba.

Zaulere mu Lusaka zilipo ngati uli ndi miyendo. Tinakaona nyumba yaitali kuposa zonse, ndipo apongozi anaiyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kufunsa mlonda kuti anthu a pamwambawo madzi amatunga kuti. Tinaima pa mlatho kudikira sitima ya pamtunda, imene inabwera mochedwa ndipo inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Tinakaona chiboliboli cha munthu wodula unyolo. Pamenepo panali bambo wojambula zithunzi, ndipo apongozi anamutuma kuti andiuze kuti munthu wa unyoloyo ali ndi mapewa a mlimi. Wojambulayo ananena uthengawo, n'kuwonjezera wake, kuti tiime pamodzi, ine ndiwagwire amayi paphewa, atijambule motchipa. Tinachokapo mofulumira, aliyense njira yake, ndipo zinanditengera kanthawi kuti ndiupezenso mpango.

Ku msika wa Soweto ndinaona chinthu china. Apongozi analowa pakati pa amayi ogulitsa nyemba ndi mtedza, ine n'kutsala chapatali pa mulu wa kabichi. Analuma mtedza umodzi n'kuwauza eni ake kuti mtedza uwu kwathu timadyetsa nkhumba. Amayi aja anawabwezera mawu, iwo n'kubwezanso, ndipo posakhalitsa mzere wonse unali kuseka. Apongozi ankaseka mokweza, mutu atauponya kumbuyo, akumenyana m'manja ndi mayi amene sanamuonepo. Ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho. Ndinakhala moyandikana ndi munthu wanthabwala zaka zonsezo, ndipo chimene ndinkachidziwa chinali chifuwa chake. Ndinamva kaduka pang'ono ndi amayi a nyembawo. Anatuluka mu msikamo ndi nthochi zitatu zopatsidwa, ndipo ziwiri anazisiya pa kabichi kuti ndizipeze.

Kudya kunali ntchito. Kumudzi mkamwini amadyera m'nyumba mwake, chitseko chotseka. Kuno ndinkatenga gawo langa n'kufunafuna kuseri kwa chinthu. Ndinadyera kuseri kwa positi ofesi, kuseri kwa malo omwetsera mafuta, kuseri kwa lole yoima, ndipo lole itanyamuka ndinatsala poyera ndi mbatata m'kamwa. Anthu amene anapitako ku Lusaka akamakamba za kukongola kwake ndimangovomereza. Ine mbali yaikulu ndinauona kuchokera kumbuyo, kumene amataya makatoni. Mlonda wina anandithamangitsa poganiza kuti ndikufufuza polowera usiku. Nditamufotokozera, ananena kuti wakuba sangapeke bodza lotere.

Pofika Loweruka mbatata inali itatha, thobwa litasasa, ndipo chigubu tinkadzazamo madzi a ku mzikiti. Masana ndinagula banzi limodzi lalikulu. Ndinaliika pa kampanda ka simenti pakati pathu, n'kupempha bambo wosoka nsapato kuti awauze amayi kuti adye, ine ndakhuta. Yankho linabwera loti bambo ndiwo adye, iwo mano akuwawa. Ndinatumizanso kuti banzi ndi lofewa. Iwo anati akudziwa, koma woyenda patsogolo ndiye amatopa. Wosoka nsapato anati ali ndi ntchito. Tinakhala pamenepo, ine nditayang'ana kum'mawa kuti apongozi adye momasuka, iwo atayang'ana kumadzulo kuti ine ndidye momasuka. Patapita nthawi ndinasuzumira pa kampanda paja, banzi palibe. Ndinakondwa kuti adya. Iwonso, ndinamva pambuyo pake kwa mkazi wanga, anakondwa kuti ndadya.

Tsiku lomwelo tinadutsa pa sitolo ya zaulimi ku Kamwala. Matumba a feteleza anali atasanjikizana mpaka kudenga, popanda mzere wa anthu, popanda wofunsa kuponi, popanda wapolisi wa chikwapu. Ndinaona pa galasi kuti mpango waima. Apongozi analowa, n'kuika dzanja pa thumba limodzi, osalichotsa. Wogulitsa anawafunsa kuti akufuna angati.

"Sindikugula, mwananga," anatero. "Koma auzeni bambo ali pakhomowo kuti ndimadziwa kuti theka la thumba silikwana."

Wogulitsayo anafuula uthengawo ngati akuitana wonyamula katundu. Ine ndinali nditaumva kale. Apa ndi pamene ndikanayambira nkhani yanga, ndipo ndinadziwa. Koma nkhani ya chitengwa sungaipatse munthu wogulitsa feteleza kuti akunenere. Ndinamuuza kuti awauze kuti ndamva.

Pobwerera ku depoti panali msewu waukulu woti tidumphe. Masiku onsewo ndinkadikira gulu la anthu kuti tiwolokere pakati pawo, koma ulendo uno ndinaona mpata n'kuthamanga. Nditafika tsidya linalo panalibe galasi, ndiye ndinacheuka. Apongozi anali ataima pakati penipeni pa msewu. Sankapita kutsogolo, sankabwerera. Magalimoto ankawadutsa mbali zonse, ndipo kaminibasi kabuluu kankabwera kakuliza hutala, kosaonetsa kuti kaima. Sindikumbukira kuganiza chilichonse. Ndinabwerera, ndinawagwira pamkono, n'kuwakoka.

Mkono wawo unali wopepuka ngati phesi la fodya louma. Awa ndi amayi amene ankalima munda wawo okha, kusenza ndowa ya feteleza okha, ndipo ine ndinkawaona ngati munthu wamphamvu amene wanditsekera njira ya kwathu. Ndinachita mantha ndi kuchepa kwa mkonowo kuposa ndi minibasi. Titafika m'mbali ndinautaya msanga, n'kuyang'ana mtengo wa magetsi. Iwo anayang'ana ngalande. Tonse tinkapuma mwamphamvu. Pafupi panali bambo wogulitsa nyuzi amene anaona zonse.

"Bambo," anatero apongozi. "Auzeni bambowa kuti patapata wanga watsala pakati pa msewu."

Ndinapita kukamutenga. Anali atapondedwa ndi magalimoto angapo koma ankavalika.

Lamulungu tinalawirira ku Chawama. Mapemphero atatha, apongozi anaima pa khomo la tchalitchi kuyang'ana aliyense wotuluka, ndipo mlongo wawoyo anawazindikira ndi kayendedwe. Anali mkulu wowonda, wa jekete lalikulu kuposa thupi, woyenda ndi ndodo. Sanakumbatirane. Apongozi anagwada pa fumbi pomwepo, mkuluyo anavula chipewa, ndipo anakhala choncho akulira mwakachetechete anthu akuwalambalala. Ine ndinayang'ana denga la tchalitchi.

Amalumewo ankakhala ku Kanyama, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndi mkazi wawo wa konko ndi zidzukulu. Anatilandira bwino. Ndinadyera kuseri kwa nyumba, ndipo aka kanali koyamba kukhuta chichokereni kumudzi. Madzulo ndinapempha kuti ndilankhule ndi amalume patokha. Ndinanjuta, ndinaomba m'manja, n'kuyala nkhani yonse monga ndinaikonzera pa benchi la pa depoti: munda wa ku Nkhamenya, kuponi, fodya wopyapyala, ana amene akukula. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwana wanga," anatero, Chichewa chawo chitasakanikirana ndi cha kumeneko, "mkazi wanuyo ine sindimudziwa na nkhope. Munda umene mulima, malire ake ndinaiwala. Ningagamule chani? Bamene banamulera ni aba. Funsani alongo anga."

Ndinayenda ulendo wonsewo, kugona pa benchi, kudyera kuseri kwa malole, kuti andiuze kuti ndifunse munthu amene khomo lake limayang'anana ndi langa. Ndinakwiya, koma mkamwini amakwiyira m'mimba. Ndinathokoza n'kutuluka, n'kukakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba.

Nyumba za ku Kanyama zilibe chinsinsi. Zenera linali pamwamba pa mutu wanga, lotchingidwa ndi katoni, ndipo ndinamva apongozi akulowa m'chipindamo. Sindinafune kumvetsera, komanso sindinachoke.

"Achimwene," anatero, "tiyeni kumudzi."

Ndinamva mpando ukukokedwa, apongozi n'kupitiriza.

"Ana aja akufuna kupita kwawo kwa bambowa. Ankhoswe anadzanena kalekale, ndipo sakulakwa. Munthuyu walima pakhomo panga mokwanira. Ndinkangokankhira kwa inu kuti papite nthawi. Akapita nditsala ndekha. Nyumba ya amayi ilipo, denga ndi labwino. Mukadwalire kwanu, ine ndizikuphikirani."

"Mlongo wanga," anatero amalume, "mankhwala nitengela kuno. Bana bali kuno. Kumudzi ningakachite chani? Ningakafe chabe."

"Kufa mudzafa kulikonse."

"Nizafela kuno."

Sindinamve apongozi akulira. Ndinamva akufunsa ngati mkazi wa amalume ali ndi singano, akuti lamba wa patapata wamasuka.

Ndinakhala pa njerwa paja mpaka miyendo inachita dzanzi. Ulendo wonsewo ndinkaganiza kuti wopempha ndine ndekha, apongozi angobwera kudzazonda matenda. Chonsecho iwonso anabwera ndi pempho lawo, analisenza chamumtima m'misewu yonse ija akuyang'ana nyumba zazitali, ndipo awakanira. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso, chifukwa sindinabwerere chimenecho.

Tinanyamuka Lolemba. Basi ya ku Chipata inali yodzaza, ndipo mipando yotsala inali mzere umodzi wa anthu atatu. Pakati panakhala mayi wina wonenepa wa malonda, atakumbatira chikwama cha zitenje. Apongozi anakhala ku zenera, ine kunjira. Tinayenda mwakachetechete mpaka tinadutsa mlatho wa Luangwa, umene ulendo uno ndinauona. Ndi mlatho ndithu.

Titayamba kukwera mapiri, ndinamva mawu.

"Bambo."

Ndinadikira kuti mayi wa zitenje apatsidwe uthenga. Sanapatsidwe. Apongozi anali atawerama kutsogolo, kudutsa chikwama cha zitenje, ndipo ankandiyang'ana ine, m'maso.

"Bambo, mutengeni mkazi wanu. Adikire abereke kaye, mwana alimbe khosi, ndiye muzipita mvula isanagwe. Ankhoswe ndikawauza ndekha. Mwandisunga bwino."

Anabwerera ku zenera. Anali mawu amene ndinawadikira zaka zonsezo, ndipo anabwera popanda kuomba m'manja, popanda nkhuku, m'basi yonunkha mafuta. Ndinayesa kukondwa. Ndinaganiza za munda wa katondo, za thumba lathunthu, za anzanga a ku Nkhamenya atatseka pakamwa. Koma m'dzanja langa lamanja munali mukadali kupepuka kwa mkono uja, ndipo ndinkaona khomo lawo likuyang'anana ndi nyumba yathu yopanda anthu, iwo akutsokomola pa njira popanda womuchenjeza.

Ndinafuna kuwayankha mwachindunji monga anachitira iwo. Sindinathe. Ndinamugwira pachigongono mayi wa zitenje.

"Mayi, pepani. Auzeni amayiwa kuti zikomo, ndamva. Koma nazale ya chaka chino ndafesa kale kudimba kwawo. Tiona chaka cha mawa."

Mayiyo anayang'ana ine, anayang'ana apongozi. "Imwe banthu muli chabe bwino?" anafunsa. Koma uthenga anaupereka, mawu ndi mawu. Apongozi sanatembenuke. Anayang'anabe kunja, ndipo patapita nthawi anakoka nsonga ya mpango n'kupukuta nayo kumaso. Anamuuza mayi wa zitenje kuti fumbi la ku Zambia ndi loipa.

Kunyumba mkazi wanga anamvetsera nkhani yonse atagwira msana.

"Ndiye anavomera," anatero.

"Anavomera."

"Inu n'kukana."

"Sindinakane. Ndinati nazale."

"Mbande anthu amanyamula pa njinga tsiku lililonse."

"Ndikudziwa."

Ndinkayembekezera mkuntho, chifukwa pakamwa anatengera mayi ake. Anangoti madzi osamba ali kubafa, ndipo madzulo amenewo anapha nkhuku popanda mlendo.

Chaka cha mawa chija chinabwera ndi nazale yake, ndipo chotsatira chinabweranso ndi yake. Tinapitiriza kugawana thumba ndi ndowa. Fodya wanga anapitiriza kupyapyala, ndipo panali masiku, makamaka pobwera ku okushoni, amene ndinkadzitukwana njira yonse chifukwa cha zimene ndinanena m'basi muja. Amalume anga anatopa kudikira n'kugawa munda wa katondo kwa adzukulu ena. Pamene tinkasamuka, apongozi titawaika m'manda, ndinapezako kachidutswa ka kumapeto, ka miyala. Sindinganame kuti sizinandipweteke. Zimandipwetekabe ndikadutsa pamenepo chimanga cha anthu ena chitabiriwira.

Ine ndi apongozi sitinalankhulanenso maso ndi maso. Za Lusaka zinatsala ku Lusaka. M'mawa wa tsiku lotsatira titangofika, ndikupita kukathirira nazale ija, ndinamva kachifuwa patsogolo panga pa njira ya kudimba. Ndinapatukira kutchire ndi kheni yanga, iwo n'kupatukira mbali inayo. Ndinanjuta, iwo anagwada, tinapatsana moni. Moni utatha palibe anadzuka. Ndinali ndi mawu, ndipo ndikhulupirira kuti iwonso anali nawo, koma panjirapo panalibe wogulitsa mazira kapena wosoka nsapato, panalibe aliyense woti atinenere. Tinakhala choncho kanthawi, njira ili pakati pathu, kenaka aliyense anapita ku ntchito yake.